Kadenti ka pa chitseko, denga kapena bampala: mmene mungakatulutsire pakhomo osapentanso galimoto

Magalimoto ambiri omwe tikuyendera masiku ano, ma Vitz, ma Passo, Sienta, Note, Fit, Demio ndi anzawo ochokera ku Japan aja, bodi yake ndi kachitsulo kopyapyala kosafika ngakhale milimita imodzi, nthawi zambiri kamasewera pa 0.7 kapena 0.8 pamenepo. Nde sizodabwitsa kuti wa kabaza akangogunda ndi handulo pothithikana pa msika, kapena wina watsegula chitseko chake mwamphamvu pa pakingi, kapena mwaimika pansi pa mtengo wa mango mu December, basi denti yalowa. Geti la pakhomo likakankhidwa ndi mphepo nalonso siliona nkhope.

Zikatere ambirife timathamangira kwa panel beater, ndipo iyeyo njira yomwe anazolowera ndi imodzi, kukhoma, kupala ndi sandipepa, kumata fila nkupopera penti chitseko chonse. Ntchito imeneyo siyoipa ayi, galimoto yoti yachita ngozi yeniyeni palibenso kuchitira mwina. Koma pa kadenti koti penti sanang'ambike nkomwe, kumeneko nkutaya chinthu chamtengo. Penti wa ku fakitale amawotchedwa mu uvuni pa madigiri 140 kupita mmwamba bodi ikadali yopanda mipando ndi mawaya, nchifukwa chake amakhala zaka ndi zaka, wa pa garaja sangafikepo, ndipo ngati galimoto yanu ndi ya siliva kapena yoyera ya pearl ija kufananitsa mtundu ndi nkhani ina, pa dzuwa chitsekocho chimaoneka chachilendo ndipo tsiku lodzagulitsa wogula wochenjera adzayamba kukufunsani za ngozi yomwe sinachitike.

Kutulutsa denti osakhudza penti amati PDR. Ku Johannesburg komwe matalala amagwa pafupipafupi nyengo ya mvula kuli anthu oti ntchito yawo ndi yomweyi basi, ali ndi zitsulo zambirimbiri zopindika mosiyanasiyana ndipo dzanja lawo linazolowera, ndiye tisanamizane, pakhomo simufika pa mulingo wawo. Chomwe mungathe nkuichepetsa dentiyo mpaka munthu woti sanauzidwe asaione. Ina imatheratu ndithu, ina imatsala kamthunzi koonekera pokhapokha mutapendeka mutu, koma penti wanu ali pompo, ndipo kwa ine zimenezo nzabwino kuposa chitseko chosalala chodzaza fila.

Musanagwire chida chilichonse tsukani malowo ndi sopo, mupukute, kenako yendetsani chikhadabo pa dentipo. Chikakola pa mng'alu, kapena penti wasweka chitsulo chikuonekera, nkhani ya PDR yathera pompo, chifukwa mukakoka kapena kukankha mng'aluwo umangokula, madzi nkulowa, dzimbiri nkuyamba. Koma musafulumire kulira, nthawi zambiri chomwe chikuoneka ngati kukalika chimakhala penti wa galimoto inayo kapena rabala ya handulo yomwe yangopakika pamwamba, chimenecho chimachoka ndi polishi.

Kenako onani mmene yalowera. Denti yotakata koma yosaya, yopanda ngodya yakuthwa m'mbali mwake, ndiyosavuta olo ikhale masentimita 20. Yovuta ndi kakang'ono kakuya kosongoka pakati, ka mwala kapena ka kona ya chitseko cha mnzanu, chifukwa pakatipo chitsulo chatanuka ndipo chitsulo chotanuka sichibwerera mwakale chokha. Yokwinyika yokhala ndi mzere wakuthwa, yomwe ili pa mzere wa bodi uja umadutsa m'mbali mwa galimoto, kapena ya kumapeto kwa chitseko komwe zitsulo ziwiri zinapindidwa pamodzi, zimenezo zisiyireni odziwa, pamenepo mpolimba ndipo mphamvu yomwe mungaike kuti pasunthe ndi yomweyonso imaswa penti.

Chachitatu chomwe anthu amachiiwala ndi mbiri ya malowo, kodi penti ameneyu ndi wa ku fakitale kapena wina anapoperapo kale? Amene munaitanitsa nokha galimoto ndipo auction sheet, pepala la ku okushoni lofotokoza mmene galimoto ilili, muli nayo itsegulaninso, pa chithunzi cha galimoto paja pamakhala zilembo, A ndi kukalika, U ndi denti, W ndi pomwe panakonzedwapo kale, XX ndiye kuti chitseko kapena fenda yonseyo inasinthidwa. Ngati munagula kwa munthu pompano, tengani maginito ofooka omata pa furiji aja, akulungeni kansalu kopyapyala kuti asakale, muyendetse pa bodi. Pomwe pali chitsulo ndi penti yekha amagwira bwino, pomwe pali fila wambiri amafooka kapena kugwa. Yang'ananinso marabala a m'mbali mwa galasi, mukaona timadontho ta penti pa rabala dziwani kuti panapita sipuleyi. Izi nzofunika chifukwa fila sapindika, amasweka, ndipo penti wa pa garaja mukamumata guluu nkukoka akhoza kubwera yense m'manja mwanu. Maginito akakana panelo yonse, osati malo amodzi, ndiye kuti si chitsulo, mwina ndi pulasitiki kapena aluminiyamu monga boneti ya Prius, aluminiyamu ndi yamakani, woyamba kumene asayambire pamenepo.

Ndipo ngati wakugundani ndi munthu wina, kapena muli ndi inshuwaransi ya comprehensive, kapena galimoto ndi ya kuntchito, jambulani kaye zithunzi ndipo zokambirana zithe musanakhudze, mukakonza umboni wapita.

Tsopano nkhani ya kuwala, apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Denti simuiona poyang'ana penti, mumaiona poyang'ana chithunzi cha chinthu china chomwe chikuonekera mu pentimo. Imikani galimoto pamthunzi koma moti pa chitsekopo pazionekera chinthu cha mizere yowongoka, mabagila a pa windo, mizere ya malata, olo mizere ya njerwa za mpanda. Ngati palibe, tengani katoni kapena bolodi yoyera mumate mizere ya tepi yakuda ya magetsi motalikirana masentimita awiri, muiimike chapambali, inu mukhale mbali inayo muziyang'ana mopendeka. Pomwe bodi ili bwino mizereyo imayenda mowongoka. Ikafika pa denti imapatukana nkupanga kadiso. Lamulo lake nlosavuta, mizere ikatalikirana pamenepo mpolowa, ikathithikana pamenepo mpotukuka. Khalani kaye mphindi zingapo mukungosuntha mutu uku ndi uku kuona mmene mizereyo ikuvinira, musanayambe chilichonse, maso azolowere.

Mukayang'anitsitsa muona kuti m'mbali mwa denti, makamaka chakumtunda kwake, muli kamtunda kotukuka pang'ono komwe mizere yathithikana. Chitsulo chikalowa pakati, china chimathawira m'mbali nkukwera, ndipo kamtunda kameneka ndi komwe kamaigwira denti kuti isabwerere. Zili ngati beseni la pulasitiki loti mwalidinikiza pansi, likhoza kukhala lolowa choncho tsiku lonse koma mukangofinya m'mphepete mwake limabwerera lokha kuti phu. Ndiye amene amalimbana ndi pakati pokha, kukoka ndi kukoka, akulimbana ndi kamtunda kaja osadziwa.

Tiyambe ndi bampala chifukwa ndiyo yosavuta ndiponso ndiyo imagundidwa kwambiri. Mabampala a magalimoto ang'onoang'onowa ndi pulasitiki, mukasuzumira kuseri mupeza palembedwa PP, ndipo pulasitiki imeneyi ikatentha imafewa nkufuna kubwerera mmene inaumbidwira. Musanateleke madzi pezani kaye njira yoti dzanja lifike kuseri kwa denti, pindani siteringi tayala lipatuke, chotsani makilipi awiri atatu a pulasitiki yakuda ya mkati mwa madigadi, kapena lowerani pansi, zimenezi chitani poyamba chifukwa madzi akathiridwa mumakhala ndi mphindi imodzi kapena ziwiri basi pulasitiki isanalimbenso. Wiritsani ketulo, bola mukhale ndi ziwiri kapena mpoto wina uli pamoto. Valani magolovesi okhuthala ndi nsapato zotseka, osati patapata, ndipo ana akhale kutali. Thirani pang'onopang'ono kuyambira pamwamba pa denti madzi azitsika, muzungulire malo otakata kuposa dentiyo, osangothira pakati. Ena amayala kathaulo pa dentipo nkumathira pa thaulopo kuti kutentha kukhalitse, zimathandiza. Pewani malaiti, mawaya a fog light ndi timasensa ta pakingi tozungulira tija ngati galimoto yanu ili nato.

Mukamva kuti yafewa kankhani kuseri ndi chikhatho kapena mtengo wosalala wozungulira kumutu, kuyambira m'mbali mwa denti kupita pakati. Ikatuluka musasiye msanga, igwireni choncho wina athire madzi ozizira kuti ilimbe ili pamalo pake. Kawirikawiri pamatsala kamzere m'mphepete, bwerezani madzi otentha nkumasisita kamzereko ndi chala chachikulu cha mugolovesi, kunja ndi kuseri. Draya ya tsitsi imagwiranso ntchito koma imachedwa. Heat gun, chida chouzira mpweya wotentha, imafulumira koma imafika madigiri 500 ndi kuposa, mukaima nayo malo amodzi penti amatutuma nthawi yomweyo, ndiye iziyenda ili patali masentimita 20. Mbaula, moto wa makala, kandulo, zimenezo ayi. Ndipo musakakamize bampala yozizira, penti wake amang'aluka timizere tambirimbiri tosachokanso. Bampala yong'ambika madzi saithandiza, imeneyo ndi ya owotcherera pulasitiki.

Madzi otentha ndi a pulasitiki basi. Chitsulo sichifewa pa madigiri 100, mukathira pa chitseko mwangochitsuka.

Pa chitsulo, yesani kaye chida chotchipa kwambiri, pulanja ya m'sinki, ya kukamwa kwafulati ija osati ya m'chimbudzi yokhala ndi kamlomo, ndipo chonde gulani yatsopano kkkk. Imagwira pa denti yotakata yosaya, ya pakati pa chitseko, pa denga kapena m'mbali chakumbuyo, yoti munthu anatsamira kapena mpira wa ana unamenya. Nyowetsani pulanja ndi bodi yomwe, ikani pakati, dinikizani mofatsa mpweya utuluke, mofatsa ndithu chifukwa mukadinikiza mwankhanza mukuilowetsanso dentiyo, kenako kokani mowongoka. Ikakana sunthani pang'ono muyesenso. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kukhala awiri, wina akukoka osasiya, inu mukumenya kamtunda ka m'mbali kaja ndi chikhatho pang'onopang'ono kuzungulira. Zomata zonyamulira magalasi zomwe amagwiritsa ntchito oika mawindo nzamphamvu kuposa pulanja, ngati muli ndi mnzanu wa ntchito imeneyo bwerekani. Pa kadenti kakang'ono musataye nthawi, pulanja singagwire.

Pali ena amalowetsa chubu cha njinga chopanda mpweya kuseri kwa denti mkati mwa chitseko nkumapopa ndi pampu. Zimatheka pa denti yaikulu yosaya, koma chubucho chimakankha mbali zonse ziwiri, ndiye onetsetsani kuti sichikutsamira pa zitsulo zokwezera galasi, ndipo popani pang'ono nkuyang'ana, pang'ono nkuyang'ana.

Njira ya guluu ndi yomwe ndimaikonda kwa munthu woyamba, chifukwa simumasula kalikonse ndipo imafika malo oti kuseri kwake dzanja silingafike. Pamafunika glue gun, timitengo ta guluu wotentha, ndi tinthu tomata pa bodi toti muzikoka, totchedwa matabu. Pali makiti ake ogulitsa okhala ndi timatabu ta pulasitiki tosiyana kukula ndi kamlatho kokhala ndi sikuluwu pakati, kapena slide hammer, chokokera chokhala ndi chitsulo cholemera chotsetsereka, amene muli ndi abale ku Joni kapena mumaitanitsa zinthu pa intaneti mukhoza kupeza. Ngati palibe, dulani mpini wa tsache tizidutswa ta masentimita 10, kumutu kukhale kwafulati kosalala, mubowole chopingasa mulowetse bawuti kapena msomali waukulu ngati chogwirira. Guluu wamba wa m'mashopu a zolembera ndi wofookerapo kuyerekeza ndi wa PDR weniweni koma pa denti yosaya amakwanira.

Pukutani malowo ndi sipiriti kuti polishi ndi mafuta zichoke, apo ayi guluu sagwira. Bodi isakhale yotentha, ya pa dzuwa la October ija yoti simungaike dzanja, guluu sauma, komanso isakhale yozizira ngati mmawa wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu, pamenepo guluu amauma asanagwire, ifunditseni kaye pang'ono ndi draya. Glue gun itenthe mokwanira mpaka guluu azituluka wamadzimadzi, ndiye onani kaye kuti magetsi alipo ndithu musanayambe. Sankhani tabu yocheperako kuposa denti, ikani guluu pa tabuyo, muiike pakati penipeni, osaidinikiza mpaka guluu yense kuthawira m'mbali, pakati pa tabu ndi penti pazitsala guluu wokhuthala milimita imodzi kapena ziwiri. Dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu, dinani guluu wotulukira m'mbali ndi chikhadabo, akakhala wolimba koma asanafike pouma gwaa, nthawi yakwana. Kokani mowongoka, osapendeketsa. Ndi kamlatho muzipotokola sikuluwu pang'onopang'ono mukuyang'ana mizere ija ikubwerera. Tabu imatha kuzuka yokha ndi phokoso, musadabwe, ndi mmene zimakhalira.

Guluu wotsala pa bodi musamupale ndi mpeni. Donthezerani sipiriti m'mphepete mwake, amalowa pansi ndipo guluu amasendeka yekha ndi chala. Isopropyl alcohol ndiye wabwino, sipiriti wa pepo uja amagwiranso ntchito koma pa galimoto yoyera mupukuteni msanga. Thina, petulo ndi chochotsera kyutekisi zisayandikire, zimadya clear coat, penti wonyezimira wopanda mtundu wa pamwamba uja. Super glue ndi guluu wosakaniza machubu awiri uja musaganizeko nkomwe, ameneyo akagwira amachoka ndi penti.

Mukakoka kamodzi yang'anani mizere. Nthawi zambiri denti yachepa koma sinathe, ndiye tabu yocheperapo, pakati pa chomwe chatsala, kokaninso. Nthawi zina pakati patukuka kupitirira, pamenepo ndi pofunika kogogodera. Tengani kamtengo kolimba kozungulira kumutu, kapena kachidutswa ka pulasitiki yolimba, mukulunge tepi kunsonga, muike pa chotukukacho nkumamenya kumbuyo kwake ndi kahamala kopepuka kapena chogwirira cha sikuludiraiva, timikwapulo tofewa tambiri, osati kumenya kamodzi mwamphamvu. Kamtunda ka m'mbali kaja nakonso mumakatsitsa chimodzimodzi, ndipo mudzaona kuti mukakatsitsa, kukoka kotsatira kumabweretsa zambiri. Ntchito yonse ndi imeneyi, kukoka, kugogoda, kuyang'ana, kukoka, kugogoda, mpaka mizere iwongoke.

Kukankha kuchokera kuseri ndiye njira ya akatswiri, imapereka zotsatira zabwino kwambiri komanso ndiyo imaononga msanga dzanja likakhala lolemera. Choyamba nkupeza polowera. Boneti, chotsani chinsalu chakuda cha kunsi kwake chogwidwa ndi makilipi. Buti chimodzimodzi. Fenda ya kutsogolo mumalowera ku madigadi. M'mbali chakumbuyo nthawi zambiri mukachotsa laiti ya kumbuyo kapena kapeti wa m'buti mupeza bowo. Chitseko ndiye chimafuna kuchotsa chikuto chamkati, masikuluwu amabisala kuseri kwa chotsegulira ndi m'kabowo ka chogwirira, ena onse ndi makilipi, kwezani galasi mpaka kumapeto musanayambe, muzule makilipi ndi chinthu chafulati chokulunga nsalu, ndipo pepala la pulasitiki lomatidwa mkatimo lisendeni bwinobwino osaling'amba chifukwa ndi lomwe limatchinga madzi a mvula. Osabowola bodi kuti mupeze polowera, bowo lililonse ndi khomo la dzimbiri.

Mkati mwa zitseko, m'mbali mwa denga ndi kuseri kwa bampala mumadutsa mawaya, ndipo mapulagi achikasu ndi a airbag, musawakhudze. Ma hybrid monga Aqua, Prius ndi Fit Hybrid ali ndi mawaya a olenji a magetsi amphamvu, amenewo ngakhale kuyandikira ayi. Ngati mukugwira pafupi ndi zachikasuzo zimitsani galimoto, chotsani waya wa negativu pa batire mudikire mphindi zingapo. Koma apa pali msampha wa magalimoto a ku Japan, mawailesi ambiri a sikirini aja batire likachotsedwa amafuna SD card ya mapu kapena khodi kuti ayakenso, ndiye onani kaye ngati khadilo lilimo, mungakonze denti nkutsala ndi wailesi yongolemba Chijapanizi. Ngati mukukayika, siyani zomasula mugwiritse guluu. Pa denga ndiye guluu ndi bwino kuposa kutsitsa siling'i yonse.

Chida chake, kachitsulo kozungulira kokhuthala mamilimita 8 kapena 10, kotalika theka la mita, kopindika pang'ono kumapeto, nsonga yake yopalidwa ndi fayilo kuti ikhale yobulungira kenako kukulunga tepi ya magetsi kangapo. Sikuludiraiva yosakulunga ayi, imasiya tizipsera totukuka kunja. Chitsulocho chimafuna potsamira kuti mphamvu izichokera pa kupotokola dzanja osati pa phewa, tsamiritsani pa mphepete mwa bowo la chitseko mutaikapo kathabwa kapena nsanza, osati pa galasi kapena pa njanji yake. M'zitseko mumakhala chitsulo chopingasa choteteza pa ngozi, denti ikakhala pamwamba pa chimenecho chida sichilowa, bwererani ku guluu.

Funditsani penti ndi draya kuti akhale wofunda, osati wotentha, penti wofunda amapindika osasweka. Tsopano maso anu ali kunja pa mizere, dzanja lili mkati, ndipo chinthu choyamba nkudziwa pomwe nsonga ili. Yambirani pambali pa denti, dinikizani pang'ono kwambiri nkukoka chidacho, muona kadontho koyenda pomwe mizere ikuthithikana, ndi nsonga yanu imeneyo. Musakankhe ngati simukuiona. Mukaipeza iyendetseni mpaka pomwe mukufuna, kankhani mpaka mizere isunthe pang'ono, siyani, sunthani milimita imodzi kapena ziwiri, kankhaninso. Kadenti kakang'ono kozungulira yambirani pakati penipeni pomwe palowa kwambiri nkumazungulira kupita kunja. Yaikulu yambirani m'mbali, mutsitse kamtunda, muziichepetsa kupita pakati mpaka itsale kadenti kakang'ono, kenako muthane nako ngati kakang'ono. Kadenti kamodzi kakhoza kufuna kukankha kambirimbiri ndipo ola limatha, ndi mmene ziyenera kukhalira. Mukafuna kumaliza ndi kukankha kutatu mupeza kunja kwatuluka tiziphuphu, ndipo kutsitsa tiziphuphu nkovuta kuposa kutulutsa denti yomwe munayamba nayo. Kachiphuphu kakatuluka kamodzi siyani kukankha, kagogodeni kaye. Maso akatopa pumulani, mukabwerera sinthani mbali ya bolodi ya mizere ija chifukwa denti yooneka yatha kuchokera kutsogolo imaonekanso mukaima kumbuyo.

Ngati nkotheka yeserani kaye pa chitseko chakutha cha kwa ogulitsa zitsulo zakale, olo pa malo obisika a boneti, musanapite pa chitseko cha dalaivala chomwe aliyense amachiona.

Pali nthawi yoti muime. Mukaona kuti malowo mukakankha akutuluka kuti phu, mukadina ndi chala akulowanso, kutuluka nkulowa osakhazikika, chitsulo chatanuka ndipo chachuluka pamalopo, kuchikonza kumafuna kuchifinya ndi moto, imeneyo ndi ya panel beater. Mukamva kaphokoso ka kung'aluka kapena mwaona kamzere koyera mu penti, imani pompo. Ndipo ikafika poti simukuiona mutaima mamita awiri, ine ndimati isiyeni, kotsalako ndi komwe anthu amaonongera.

Mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok aja otenthetsa ndi draya kenako kupopera chitini cha mpweya chozondotsa kuti pazizire mwadzidzidzi, musaike mtima pamenepo. Zimatheka mwa apo ndi apo pa denti yotakata yoti pulanja ikanaitulutsanso, pa zina zonse palibe chimachitika, pomwe madzi a m'chitinimo amawotcha khungu ndi kuzizira ndipo mpweya wake umayaka moto.

Mukamaliza, pomwe chida chakala mkati pakanipo girizi pang'ono kapena mafuta oletsa dzimbiri, onani kuti timabowo totulutsa madzi pansi pa chitseko sitinatsekeke, matani pepala la pulasitiki lija, lumikizani mapulagi ndipo yesani galasi ndi loko musanabwezere makilipi onse. Kunja pakani phala lokhulira penti lotchedwa rubbing compound pang'ono ndi nsalu yofewa kuchotsa zopakika ndi timikwingwirima ta tepi, osakhula kwambiri chifukwa penti yense pamodzi ndi clear coat kukhuthala kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kenako polishi. Ngati pali kadontho koti penti anatheka chitsulo chikuoneka, musadikire mvula, pezani khodi ya mtundu wa galimoto yanu pa kachitsulo kapena sitika ya pa mphuthu ya chitseko kapena mu injini, pa Toyota imakhala pomwe palembedwa C/TR, mwachitsanzo 040 ndi yoyera wamba, 070 yoyera ya pearl, 1F7 siliva, 202 yakuda. Osakaniza penti akupangireni kabotolo kakang'ono, mudontheze pa kadonthopo ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, kaume, mudonthezenso kachiwiri ngati pakadali polowa.